Akakugundani galimoto pa Liwonde, akonze ndani?

Pa Liwonde pamakumana misewu, ndipo pamakumananso anthu a changu chosiyana. Wochokera ku Zomba amafika atangotsika mapiri a Machinga, mabuleki akununkha. Wochokera ku Ntaja ndi ku Nsanama amatulukira mu msewu wa Bakili Muluzi atapakira matumba a mpunga mpaka galimoto kugwada kumbuyo. Ambiri mwa iwowa amawoloka Shire pa Kamuzu Barrage kenako n'kupatukana, ena kulowera ku Ulongwe ndi ku Mangochi, ena kutsata M8 kudutsa pa Balaka mpaka pa Chingeni, pomwe amakalowa mu M1. Pakati pawo pamapanikizana maminibasi oima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, ma Sienta othamangira kukadzaza ulendo wina dzuwa lisanapendeke, akabaza a njinga zamoto ndi zakapalasa, komanso mathiraki aatali omwe saima pomwe dalaivala wafunira.

Ngozi zomwe timamva pa wayilesi ndi zija zatenga miyoyo. Koma pali zina zochuluka zomwe palibe amazilengeza: bampa yathothoka, nyali yaphwanyika, chitseko chalowa mkati, rediyeta ikutaya madzi pa tala. Palibe wavulala, aliyense akuthokoza Mulungu, ndipo n'zoona kuti chitsulo sichingafanane ndi moyo. Komabe kwa mphunzitsi amene anatenga ngongole kuti aitanitse Vitz yake, kapena kwa mnyamata amene Sienta yomwe akuyendetsa imadyetsa mabanja awiri, lake ndi la bwana wake, tsiku limenelo ndi chiyambi cha mavuto a miyezi yambiri.

“Tingokambirana, achimwene”

Amene anayendapo m'misewu imeneyi akudziwa zomwe zimachitika mphindi zoyambirira. Anthu amaunjikana nthawi yomweyo. Oitanira minibasi amagamula mlandu apolisi asanafike, ndipo kawirikawiri amalondola chifukwa amakhala ataona zonse. Wolakwa uja amatsika, kusisita pomwe papindika, n'kukokera mnzake pambali. “Pepani achimwene, wolakwa ndine. Tisavutane ndi za kupolisi, tingokambirana. Ndili ndi makaniko wanga ku Balaka, mawa lomweli akonza.” Amapatsana manambala a foni, mwina wolakwayo amatulutsa kangachepe ka chikole, amagwirana chanza, msewu n'kutseguka.

Mwambo umenewu sindiunyoza. Tinakula tikuona milandu ikutha pansi pa mtengo kwa nyakwawa, wolakwa atavomera pamaso pa anthu n'kulipira mbuzi kapena nkhuku, anthu n'kupitiriza kupemphana moto. Palinso zifukwa zomveka zomwe anthu amaopera njira ina. Kupolisi kumatha tsiku lonse, galimoto ikhoza kugona komweko, ndipo dalaivala wa minibasi ali ndi ndalama ya tsiku yomwe bwana akuidikira madzulo. Ngati yasweka ndi nyali imodzi ndipo anthu awiriwo amadziwana kwawo, akhoza kuthana bwinobwino popanda kulowetsapo wina.

Koma kwa mfumu wolakwa amakhala wa m'mudzi momwemo. Munda wake uli pomwepo, amalume ake ali pomwepo, alibe kothawira. Pamsewu wakugundani ndi mlendo. Mawa lake amayankha foni mwaulemu. Mkuja akuti ali ku maliro ku Namwera. Sabata ikatha foni sikupezekanso. Nthawi imeneyo magalimoto anachoka kalekale pamalopo, mizere ya matayala inafufutika, mboni zinabalalika, ndipo mukapita kupolisi funso loyamba ndi lakuti munali kuti masiku onsewa.

Choncho ngati mwasankha kukambirana, musachoke pamalopo ndi mawu apakamwa okha. Magalimoto asanasunthe, jambulani ndi foni momwe aimira, kutali ndi pafupi, msewu ndi mizere yake zikuoneka. Jambulani nambala ya galimoto inayo, layisensi ya dalaivala, komanso sitika ya inshuwalansi yomwe ili pa galasi, poti pamenepo m'pomwe pali dzina la kampani ndi tsiku lomwe inshuwalansiyo ithere. Funsani dzina la mwini galimoto, chifukwa woyendetsa nthawi zambiri ndi waganyu chabe. Kenako ng'ambani pepala m'kope, mulembe tsiku, malo, amene wavomera kulakwa, ndalama zomwe alipire ndi tsiku lomaliza kulipira. Nonse awiri musayine, mboni ziwiri zisayinenso n'kusiya manambala awo. Ndalama zidzere pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni wakuti zinaperekedwa zingati ndipo zatsala zingati. Kapepala kotere khoti limakalemekeza.

Pali nthawi zina pomwe kukambirana kulibe malo. Munthu akavulala, ngakhale akunena yekha kuti ndi zazing'ono, lamulo la pamsewu limafuna kuti dalaivala aime, athandize wovulalayo, apereke dzina ndi komwe amakhala, ndipo ngoziyo ikanenedwe kupolisi. Wina amadzuka bwinobwino pa tala n'kukakomoka usiku kunyumba, mawa lake ali pa bedi ku chipatala cha Machinga pa Liwonde pomwepo. Palinso china chomwe ambiri sachidziwa. Zikalata za inshuwalansi zimaletsa mwini wake kuvomera mlandu kapena kulonjeza malipiro kampani isanadziwe, ndipo zimafuna kuti ngozi inenedwe msanga. Mgwirizano wa m'mbali mwa msewu ukhoza kuyambitsa mkangano ndi kampani.

Chindapusa chimapita kuboma

Apolisi a pamsewu akafika, ntchito yawo imaoneka yochedwa kwa munthu amene mtima uli m'mwamba, koma ndi yomwe idzakuthandizeni patsogolo. Mmodzi amagwira tepi kuyeza kuchokera pamphepete mwa tala kufika pomwe pagwera magalasi osweka, chifukwa magalasi ndi dothi logwa kunsi kwa galimoto zimaulula pomwe magalimoto anakumanirana. Amayeza kutalika kwa mizere ya mabuleki. Wina amajambula chithunzi cha msewu papepala, kufunsa madalaivala aliyense payekha, kulemba mayina a mboni. Zonsezi ndi zomwe zimadzabala lipoti la apolisi, pepala lomwe kampani ya inshuwalansi idzalifunsa musanakhale n'komwe pampando. Lipotili limalipiridwa, ndipo lisiti la boma muzilisunga.

Apa m'pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Dalaivala wolakwa akhoza kuimbidwa mlandu woyendetsa mosasamala pansi pa gawo 126 la lamulo la Road Traffic Act, kapena woyendetsa mosaganizira ena pansi pa gawo 127. Akalipira chindapusa, iye amaona ngati nkhani yatha. “Ndinalipira kale kupolisi, mukufunanso chiyani?” Wolakwiridwa nayenso amadikira, kuganiza kuti mwina pa ndalamazo pali gawo lake. Palibe. Chindapusa ndi chilango chophwanyira lamulo ndipo chimalowa m'thumba la boma. Kukonza galimoto yanu ndi mlandu wina, wa pakati pa inu ndi iye, ndipo ngati simuutsata nokha palibe wapolisi amene adzakutsatireni. Khoti loweruza milandu ya upandu lili nayo mphamvu yolamula chipukuta misozi, koma ngozi zambiri zazing'ono sizifika kumeneko, zimathera pa chindapusa.

Lipoti la apolisi silinso chigamulo. Ndi maganizo a wapolisi amene anafika ngozi itachitika kale. Limalemera ndithu, ndipo makampani amalitsamira kwambiri, koma khoti likhoza kumva mboni n'kuona mosiyana. Chomwe woweruza amafunsa n'chakuti kodi ndani analephera kusamala momwe dalaivala wanzeru zake akanasamalira. Maloya athu mpaka lero amatchula mlandu wa 1990 wa Banda ndi anzake wotsutsana ndi ADMARC, pomwe bwalo lalikulu linafotokoza kuti dalaivala ali ndi udindo wosamala kuti asawononge anthu, magalimoto ndi katundu wa ena pamsewu kapena m'mbali mwake, ndipo kuti dalaivala waluso sathamanga mopyola muyeso, amayang'ana bwino komwe akupita, amamvera zikwangwani. Wogunda mnzake kumbuyo amavutika kudziteteza, poti anayenera kusiya mpata. Wopitirira mnzake pa mzere woletsa, m'makona a mapiri a Machinga, alibe choyankha. Koma kulakwa kumatha kugawidwa. Ngati munaimika galimoto yakufa mumsewu usiku pa Phalula, popanda nyali kapena zikwangwani zofiira zija, mwangothyola nthambi ziwiri n'kuziponya pa tala, khoti likhoza kunena kuti gawo lina la tsokalo ndi lanu, n'kudula chipukuta misozi molingana ndi gawolo.

Mfundo ina yothandiza kwambiri ndi ya bwana ndi wantchito. Dalaivala wa minibasi kapena lole akagunda ali pa ntchito ya bwana wake, mwini galimotoyo amasenza nawo mlanduwo. “Amene anagunda ndi mnyamata uja, ndamuchotsa kale ntchito” si yankho pamaso pa lamulo. Izi n'zofunika chifukwa mnyamatayo alibe kanthu, pomwe bwanayo ali ndi galimoto, dzina ndi inshuwalansi.

Kapepala ka pa galasi

Gawo 141 la lamulo la Road Traffic Act lija limaletsa kuyendetsa galimoto pamsewu popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena, ija timaitcha third party. Ambirife timaigula ndi maganizo amodzi: kudutsa pa rodibuloko popanda kukokeredwa pambali. Timafunsa yotchipa, kumata sitika pafupi ndi ya COF, basi. Chikalata chenicheni, chomwe chimafotokoza zomwe kampani yalonjeza, ambiri sitinachionepo, ndipo amene anachilandira chili m'kabati chosatsegula.

Third party siikonza galimoto ya mwini wake. Imalipira anthu ena omwe mwiniyo wawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Tsono wina akakugundani, kampani yoti muiyang'ane si yanu koma yake. N'chifukwa chake kujambula sitika ija n'kofunika kuposa kukangana za amene anali ndi liwiro. Ndipo lamulo lathu lili ndi gawo labwino lomwe anthu wamba ayenera kulidziwa, gawo 148. Limalola wolakwiridwa kukatenga ndalama mwachindunji ku kampani ya inshuwalansi ya wolakwa, m'dzina lake, osadikira kuti wolakwayo achite kufuna. Ngakhale foni yake itazima, kampani ili ndi ofesi ndipo siingazime.

Koma gawo lomweli lili ndi zingwe ziwiri. Choyamba ndi nthawi. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma kukhoti umawola. Ufulu wosumira kampani mwachindunji umatha pakapita zaka ziwiri chichitikire ngoziyo. Wolakwayo payekha mukhoza kumusumira mpaka zaka zisanu ndi chimodzi ngati nkhani ndi ya katundu, kapena zitatu ngati pali kuvulala, malinga ndi Limitation Act. Zaka ziwiri zimaoneka zambiri, koma zimatha mukungouzidwa kuti fayilo ili kwa abwana, bwerani mwezi wamawa. Makalata olemberana ndi kampani saimitsa nthawi. Chomwe chimaimitsa ndi kukatula nkhani kukhoti.

Chingwe chachiwiri ndi chomwe chimandiwawa kwambiri. Kampani imalipira mpaka pa malire omwe analembedwa m'chikalata, osapitirira. Mukawerenga zigamulo za bwalo lalikulu za zaka zambiri zapitazi, nambala ya K5 miliyoni imabwerabwera ngati malire a zomwe kampani ingapereke pa imfa kapena kuvulala. Malire a katundu, momwe mumagwera galimoto yanu, amakhala otsika kuposa pamenepo m'zikalata zambiri za third party. Pomwe manambalawa akhala akuima malo amodzi, kwacha siinaime. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ife sitipanga nyali ya Sienta, sitipanga boneti ya Probox. Zonse zimachokera ku Japan, ku Dubai kapena ku South Africa, zogulidwa ndi madola omwe ogulitsa zipangizo amachita kuwasaka movutikira. Mtengo wa chitsulo umakwera mwezi ndi mwezi, lonjezo la pa sitika lili pomwe linali.

Tiyerekeze kuti kukonza galimoto yanu kukufuna K3.5 miliyoni ndipo chikalata cha amene anakugundani chimalekeza pa K1 miliyoni. Kampani ikavomera zonse, popanda mkangano uliwonse, idzakupatsani K1 miliyoni n'kukuuzani mwaulemu kuti mbali yake yatha. K2.5 miliyoni yotsalayo ndi ngongole ya dalaivala ndi mwini galimoto, yoti ituluke m'thumba mwawo. Lamulo lili mbali yanu pamenepo. Koma mwabwereranso kwa munthu uja wa foni yozima. Musanasayine pepala lililonse lolandirira ndalama, werengani bwino ngati likumasula kampani yokha kapena likumasulanso wolakwayo, chifukwa mawu akuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu akhoza kukutsekerani njira ya zotsalazo.

Amene ali ndi inshuwalansi ya comprehensive amapuma bwino. Kampani yake imakonza galimoto, iye n'kulipirako gawo loyamba lomwe amalitcha excess, kenako kampaniyo imakalimbana yokha ndi wolakwa. Komabe nayonso ili ndi misampha yake. Ngati munalembetsa mtengo wa galimoto zaka zitatu zapitazo ndipo simunaukweze, lero galimotoyo ndi yodula kuposa pamenepo, ndipo kampani idzalipira molingana ndi mtengo wochepa womwe munalembetsa. Ngati munalembetsa kuti ndi yoyendera banja koma imanyamula anthu pakati pa Balaka ndi Liwonde tsiku ndi tsiku, yopanda nambala yofiira, mwaipatsa kampani poyambira kukana.

Ku galaja

Kuseri kwa misika ya Balaka ndi Liwonde kuli amisiri omwe luso lawo ndi lodabwitsa. Mmisiri wowongola galimoto amagwada pambali pa chitseko chopindika, dzanja limodzi lagwira chitsulo chochirikiza mkati, linalo likumenya ndi kahamala pang'onopang'ono, akumvetsera kulira kwa chitsulo. Pomwe pakana amatenthetsa ndi moto wa gasi, n'kuthirapo madzi kuti pakokane. Akatero amamata phala lotsekera mabowo, kulipala ndi sandipepa mpaka chikhatho chisamvenso bampu, ndipo wopopera penti amasakaniza mitundu m'kachitini akuyerekeza ndi chitseko chinacho padzuwa. Galimoto imatuluka ngati sinagundidwepo, pa mtengo wochepa kuyerekeza ndi magalaja akuluakulu a ku Blantyre.

Vuto ndi lakuti amisiri ambiri otere salemba kanthu. Mtengo mumagwirizana pakamwa, zipangizo mumakagula kwa wogulitsa zakale amene alibe buku la malisiti. Koma khoti limafuna umboni wa tambala iliyonse. Mfundo yomwe makhoti athu amayendera ndi yakale, yochokera ku Britain pa mlandu wa 1880 wa Livingstone ndi kampani ya malasha ya Rawyards, ndipo Livingstone ameneyu si David uja anayenda mu Shire. Mfundoyo imati wolakwiridwa abwezeretsedwe, momwe ndalama zingathere, pomwe akanakhala pakanapanda kulakwiridwako. Osapindulapo, osaluzapo. Koma ndalama zomwe mwatulutsa kale, monga zokokera galimoto, zogulira zipangizo ndi zolipira mmisiri, muyenera kuzitchula mwatchutchutchu ndi kuzitsimikiza ndi mapepala. Anthu ambiri amapambana mlandu n'kutuluka ndi ndalama zochepa chifukwa choti malisiti analibe.

Ndiye musathamangire kukonza. Kampani imafuna makotesheni olembedwa, nthawi zambiri ochokera ku magalaja angapo, ndipo imatumiza munthu wake kudzaona galimoto isanakhudzidwe. Mukakonza iye asanabwere, mwafufuta umboni wanu womwe. Ngati kudikira sikutheka chifukwa galimotoyo ndiyo mpamba wanu, alembereni kalata yowadziwitsa tsiku lomwe muyambe kukonza, jambulani chilichonse, sungani zitsulo zomwe zachotsedwa, ndipo muumirize mmisiri alembe lisiti lokhala ndi dzina lake, tsiku ndi ntchito yomwe wagwira. Galimoto ikawonongeka mwakuti kukonza kukuposa mtengo wake, chomwe mumalandira ndi mtengo womwe ikanagulitsidwa tsiku la ngozi lisanafike, kuchotsapo mtengo wa chigoba ngati mwasankha kukhala nacho.

Pali chinanso chomwe anthu amasiya osafunsa: masiku omwe galimoto yakhala pa miyala. Makhoti athu amapereka chipukuta misozi pa masiku omwe munthu wakhala wopanda galimoto yake, ngakhale ikhale yongoyendera kutchalitchi, kumzikiti ndi kumunda. Koma ngati mukunena kuti minibasi yanu imabweretsa ndalama zakutizakuti patsiku, woweruza adzafuna kuona kope lomwe kondakitala amalembamo madzulo aliwonse, kapena mauthenga a ndalama zomwe dalaivala amatumiza. Eni ma Sienta a pa Ulongwe ndi pa Ntaja, kope lotchipa likhoza kudzakupulumutsirani mamiliyoni. Lamulo limayembekezanso kuti wolakwiridwa achitepo kanthu kuchepetsa kuluza kwake. Simungasiye galimoto ikuchita dzimbiri chaka chonse pomwe munali ndi njira yoikonzera, kenako n'kudzawerengera wolakwa masiku onsewo.

Pomwe palibe woti mumugwire

Zonse ndanenazi zimayenda ngati wakugundaniyo ali ndi inshuwalansi. Nanga akakhala wa kabaza? Apolisi ndi a Directorate of Road Traffic and Safety Services akhala akudandaula kwa zaka kuti njinga zamoto zambiri zilibe nambala, zilibe inshuwalansi, ndipo oyendetsa alibe layisensi. Mnyamata akalowa m'chitseko cha galimoto yanu pa Nsanama, mwalamulo iye ndi mwini njinga ayenera kulipira. Koma mumamuyang'ana, bondo likutuluka magazi, njingayo ndi ya ngongole, n'kupezeka kuti ndinu amene mukumunyamula kupita naye kuchipatala. Chimodzimodzi ngolo yopanda chonyezimira usiku, kapena ng'ombe zotayirira mumsewu wa ku Mangochi, womwe chiukonzereni ndi thandizo la African Development Bank unasalala mwakuti madalaivala amaiwala kuti ukudutsa m'midzi. Milandu yotere imathera kwa mfumu, ndipo mwina m'pomwe iyenera kuthera.

Ku Britain makampani a inshuwalansi amasonkha ndalama ku bungwe la Motor Insurers' Bureau, lomwe linakhazikitsidwa mu 1946 kuti lizilipira anthu ogundidwa ndi madalaivala opanda inshuwalansi. Abale athu ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka omwe ali ku Joni amadziwa za Road Accident Fund, thumba lomwe ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta, koma ilo limalipira kuvulala ndi imfa zokha, galimoto ayi. Kwathu kuno, wopanda inshuwalansi akakuphwanyirani galimoto mumatsala ndi iyeyo ndi zomwe ali nazo.

Thiraki yakunja ikakugundani, musalole kuti ichoke apolisi asanafike, chifukwa ikawoloka pa Chiponde kapena pa Mwanza nkhani yavuta. Magalimoto ochokera m'mayiko ngati Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania amayenda ndi Yellow Card ya COMESA, yomwe imalola kuti dandaulo lanu liyendetsedwe konkuno. Mozambique siili m'dongosolo limeneli, choncho galimoto za kumeneko zimayenera kugula inshuwalansi ya m'dziko muno polowa pachipata. Pepala lililonse mwa awiriwa lijambuleni. Ikakhala galimoto ya boma ya nambala ya MG, wosumiridwa ndi Attorney General, ndipo lamulo limafuna kuti muyambe mwapereka chidziwitso cholembedwa musanapite kukhoti. Pamenepo funani loya msanga.

Mtunda wa ku Blantyre

Kugula sitika n'kosavuta, ma ejenti ali ponseponse. Kutenga ndalama ndiye kuli ndi mtunda. Malikulu a makampani monga NICO General, General Alliance, United General, Reunion, Britam ndi ena ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo munthu wa ku Nayuchi kapena ku Utale amawerengera thiransipoti, chakudya ndi tsiku lotayika pa ulendo uliwonse. Ambiri amatopa n'kusiya, ndipo ndalama yomwe inali yawo mwalamulo imatsala komweko. Njira yochepetsera maulendo ndi kulemba. Dandaulo lipite ndi kalata, pamodzi ndi lipoti la apolisi, makotesheni, zithunzi, bulubuku ndi layisensi, ndipo kope lanu alidinde tsiku lomwe alandira. Mufunse nambala ya fayilo ndi dzina la amene akuiyendetsa. Akakana kulipira, akane polemba ndi kupereka chifukwa.

Kampani ikamangozengereza, pali kokadandaula kopanda malipiro. Makampani onse a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a anthu omwe ayesa kukambirana ndi kampani koma osathandizidwa. Zikakanika pamenepo, kwatsala khoti. Milandu ya ndalama zochepa imayamba kwa majisitireti pa Liwonde kapena pa Balaka, koma mphamvu zawo zili ndi malire, ndipo kwa zaka zambiri majisitireti wamkulu sankapitirira K2 miliyoni. Yoposa malire imapita ku bwalo lalikulu ku Zomba, komwe malamulo a 2017 amafuna kuti mbali ziwiri ziyambe zayesa kugwirizana pamaso pa woweruza mlandu usanazengedwe. Kumeneko n'kukambirana komwe kuja, koma zomwe mwagwirizana zimalembedwa ndipo zimakhala ndi mphamvu ya khoti. Wolakwa akakana kulipira chigamulo chitaperekedwa, a sheriff amatha kukalanda katundu wake. Amene sangakwanitse loya ayambe wakafunsa ku Legal Aid Bureau.

Ine ndikuona kuti pali zinthu ziwiri zomwe zachedwa kale. Aphungu athu, kuphatikizapo a ku Machinga ndi ku Balaka, pamodzi ndi Reserve Bank ndi Insurance Association of Malawi, akhale pansi aunikenso malire a third party kuti azitsata mitengo ya lero, ndipo aike njira yowasinthira nthawi ndi nthawi osadikira zaka makumi. Ndikudziwa kuti malire akakwera sitika nayonso idzakwera mtengo, ndipo eni maminibasi adzalira. Koma pano mtengo umenewo ukulipiridwa kale, kungoti akuulipira ndi munthu wosalakwa amene galimoto yake ili pa miyala. Chachiwiri, malirewo azilembedwa poonekera, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, pa lisiti lomwe ejenti amapereka, kuti wogula adziwe chomwe wagula.

Izi zisanachitike, aliyense ali ndi mwayi umodzi pachaka, tsiku lokagula inshuwalansi yatsopano. Musangofunsa mtengo wa sitika. Funsani ejenti akuonetseni pa chikalata pomwe palembedwa ndalama zomwe kampani idzalipire mukadzawononga galimoto ya munthu wina, muyerekeze ndi mtengo wa galimoto zomwe mumapitirirana nazo pa Chingeni. Makampani ambiri amalola kukweza malirewo mukawonjezera ndalama, ndipo ejenti akhoza kukuwerengerani pomwepo kuti muwonjezere zingati.